ZA MAPHUNZIRO: Wopempha Malo ku Koleji Asabise Njira Imene Anayendamo

Caka ndi caka, pamene mvula iri pakati ndipo anthu ali kalikiliki kupalira cimanga ndi nshawa, bungwe la mayeso la Examinations Council of Zambia limatulutsa zotsatira za mayeso a Giredi 12. M'midzi ya ku Chipata, Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi mumamveka nthungululu m'nyumba zina, pamene m'nyumba zinanso muli zii. Koma ngakhale pakhomo pamene mwana wakhoza bwino, cimwemwe sicikhalitsa, pakuti posacedwa pamabuka funso lina lobvuta: kodi mwanayu adzapeza bwanji malo ku koleji, ndipo adzamlipirira ndani?

Makoleji ndi mayunivesite a Boma m'dziko lino amasankha ophunzira makamaka poyang'ana fomu yopemphera malo ndi zotsatira za mayeso. Komabe alipo makomo ambiri amene satseguka popanda kalata yolembedwa ndi mwana mwini wace, yofotokoza mbiri ya maphunziro ace. Mabungwe amene amalipirira ana osauka amaifuna kalata yotere. Mayunivesite a maiko akunja naonso amaifuna: ku America, wopempha malo kupyolera m'njira yochedwa Common Application amalemba nkhani ya mau osaposa 650, ndipo ku Britain bungwe la UCAS limampatsa malo a zilembo 4,000. Ngakhale kumene safuna nkhani yolemba, monga ku masukulu a unamwino amene amaitana ana kukaonekera pamaso pa akuluakulu, mwana amafunsidwa ndi pakamwa kuti afotokoze kumene wacokera ndi m'mene anaphunzirira.

Apa ndi pamene ana ambiri a kumidzi amapunthwa, ngakhale ena amene mayeso anawakhoza koposa anzao a m'tauni. Cimene cimawagwetsa ndi manyazi. Mwana amaganiza kuti sukulu ya kwao ya denga la udzu, zaka zimene anakhala pakhomo, ndi kalasi imene anabwereza, ndi zinthu zoyenera kubisa. Motero amalemba mau okometsera amene sanena kanthu, kapena amapita ku boma kukagula kalata yolembedwa kale. Akulu anati, mako ndi mako usamuone kucepa mwendo. Njira imene mwana wa kumudzi anayendamo kufikira Giredi 12 ndiyo cuma cace cacikulu m'kalatayo, malinga aifotokoze moona ndi mwa dongosolo.

CIMENE OSANKHA AMAFUNA

Anthu amene amawerenga makalatawa amakhala ndi mulu waukulu pa thebulo, pamene malo kapena ndalama zimene agawa ndi zocepa. Zotsatira za mayeso ali nazo kale m'manja, tero safuna kuti mwana awauzenso kuti ali ndi nzeru. Iwo afuna kudziwa zinthu zitatu. Coyamba, ngati mbiri ya mwanayo igwirizana ndi mapepala ace. Caciwiri, ngati ndi munthu amene adzapirira kufikira atatsiriza maphunziro, pakuti malo opatsidwa kwa wolekera panjira ndi malo olandidwa kwa wina. Cacitatu, ngati adziwa cimene afuna kuphunzira ndi cifukwa cace. Mau ali onse m'kalata amene sayankha limodzi la mafunso atatuwa angotha pepala pacabe.

MAPEPALA AYALIDWE POYAMBA

Asanagwire colembera, mwana ayenera kuyala pa mphasa mapepala ace onse: satifiketi ya Giredi 7, ya Giredi 9, zotsatira za Giredi 12, citupa cace ca NRC cimene munthu amatenga akakwanitsa zaka 16, ndi makalata ena amene aphunzitsi aakulu anampatsa. Pa pepala lapadera alembe mndandanda wa caka ciri conse, dzina la sukulu, boma lace, ndi kalasi imene analimo. Mndandanda umenewu ndiwo nsanamira za kalata, ndipo udzaonetsa msanga pamene pali mpata wofunika kufotokozedwa.

Bvuto lofala kumidzi ndi la maina. Mwana analembetsedwa ku Giredi 1 ndi agogo ace pa dzina la amalume, koma pa citupa anatenga dzina la atate ace. Kapena caka cobadwa ca pa satifiketi cisiyana ndi ca pa citupa. Kumudzi onse adziwa kuti munthuyo ndi mmodzi, koma ku ofesi amaona anthu awiri. Bvuto lotere likonzedwe kalata isanatumizidwe. Mwana apite ndi kholo lace ku khoti ya majisitireti kukalembetsa kalata ya lumbiro yonena kuti maina onsewo ndi ace, ndipo afunsenso ku ofesi ya bungwe la mayeso za njira yokonzera dzina lolakwika.

Makolo ena amasokonezeka ndi manambala a pa zotsatira. Pa mayeso a Giredi 12 nambala yaing'ono ndiyo yabwino: 1 ndi 2 ndi kukhoza kopambana, 3 ndi 4 kukhoza bwino, 5 ndi 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, ndipo 9 ndi kulephera. Mayunivesite ndi makoleji a uphunzitsi ndi unamwino kawiri-kawiri amafuna maphunziro asanu okhozedwa pa 6 kapena kuposa apo, Cingerezi ciri pakati pace. Mwana amene anakwanitsa asanuwo polemba kawiri, ndiye kuti anabwereza Masamu kapena Sayansi pa mayeso a GCE, anene poyera caka cimene anabwereza ndi cimene anapeza. Osankha adzaona okha kuti mapepala ndi awiri, ndipo munthu amene anagwa nadzukanso samuyesa wofooka.

ZAKA ZOSOWEKA

Ana ocepa a kumudzi ndi amene amayenda kucokera Giredi 1 kufika Giredi 12 osaimapo. M'madera ena a Cigawo ca Kum'mawa anyamata amayamba sukulu mocedwa cifukwa anayamba aweta ng'ombe za eni kwa zaka zingapo kuti apatsidwe ng'ombe yao. Ena anakhoza Giredi 9 koma anakhala pakhomo posowa malipiro, pakuti ngakhale maphunziro a Giredi 1 mpaka 7 anakhala aulere mu 2002, malipiro a ku sekondale Boma linawacotsa mu 2022. Atsikana ena analeka cifukwa ca pakati, nabwerera kupyolera m'lamulo la 1997 lolola mtsikana kubwerera ku sukulu atabereka. Masukulu onse anatsekedwa mu Marichi 2020 cifukwa ca matenda a Covid-19, ndipo mu 2024 anatsegulidwa mocedwa cifukwa ca kolera, caka comweco cimene cilala cinapsereza minda. Zonsezi osankha azidziwa. Cimene sadziwa ndi cimene mwana uyu anacita pa nthawi imeneyo.

Cifukwa cace mpata uli wonse ufotokozedwe m'magawo atatu aafupi: cimene cinamuimitsa, cimene anali kucita ali pakhomo, ndi m'mene anabwererera. Mwacitsanzo, mnyamata angalembe motere: "Ndinakhoza mayeso a Giredi 9 mu 2019, koma mu 2020 ndi 2021 ndinakhala pakhomo cifukwa makolo anga sanathe kulipira ndalama za sukulu. Pa zaka ziwirizo ndinalima dimba la tomato ndi repu, ndipo madzulo ndinali kubwereka makope a mnzanga amene anapitiriza. Boma litacotsa malipiro mu 2022 ndinalowa Giredi 10, ndipo ndinatsiriza mu 2024." Mau amenewa ndi ocepa, koma wowerenga wapezamo zaka zogwirizana ndi mapepala, wapezamo munthu wosakhala manja lende, ndipo wapezamo mtima wosaleka sukulu.

Mtsikana amene anabereka sakakamizidwa kuulula za m'nyumba zimene safuna kunena, ndipo palibe cifukwa coti achule dzina la mwamuna kapena mlandu umene unakambidwa kwa anyakwawa. Koma akasankha kunena, anene mutu uli ciriri: caka cimene anaima, caka cimene anabwerera, ndi amene adzasunga mwana pamene iye ali ku koleji. Mfundo yotsirizayi imacotsa nkhawa ya osankha, pakuti iwaonetsa kuti banja lakonzeka. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kulumpha. Amene wafika mocedwa wafikabe.

KUFOTOKOZA UMPHAWI POPANDA KULIRA

Pali kusiyana pakati pa kudandaula ndi kufotokoza. Kalata yodzala ndi mau akuti "ndine wosauka kwambiri, mundicitire cifundo" ifanana ndi makalata ena mazana, ndipo siuza wowerenga kanthu kamene angagwire. Kalata yabwino imaika zinthu zooneka ndi zowerengeka m'malo mwa misozi. Sukulu inali pa mtunda wa makilomita angati? Kodi panali mtsinje umene unali kudzala m'dzinja? Buku limodzi la Masamu anali kuwerenga ana angati? Kodi sukulu inali ndi cipinda coyeseramo za Sayansi, kapena mwana anaona zipangizo nthawi yoyamba pa tsiku la mayeso? Ana ambiri a masukulu oyendera amacita lendi kanyumba pafupi ndi sukulu, nadziphikira okha ufa umene anasenza kucokera kwao pa Sondo madzulo. Mwana wotere akalemba kuti anakhala comweco zaka zitatu napeza 3 pa Biology, wowerenga adzadziwa yekha kulemera kwace kwa nambala imeneyo.

Manambala amenewa akhale oona. Makilomita 6 asasanduke 20, ndipo kholo lamoyo lisaphedwe pa pepala pofuna kuoneka mwana wamasiye. Mabungwe opereka thandizo amafuna umboni, monga kalata ya imfa, kalata ya a ofesi yoona za umoyo wa anthu obvutika, kapena ya mfumu. Nkhongole za ophunzira a ku mayunivesite a Boma zimaperekedwa ndi bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016. Thumba la citukuko ca dera la phungu, lochedwa CDF, limene mu 2022 linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse ndipo lakwezedwanso m'zaka zotsatira, liri ndi gawo lolipirira acinyamata ophunzira nchito za manja. Mafomu a thumba limeneli amapyola m'manja mwa komiti ya citukuko ya wodi, ndiye kuti anthu a m'dera lomwelo amene adziwa khomo liri lonse. Bodza lolembedwa m'menemo silifika ndi ku boma komwe.

Cinanso coyenera kupewa ndi kunyoza. Mwana asalembe kuti aphunzitsi ace anali aulesi kapena kuti makolo ace ndi mbuli. Wowerenga amadzifunsa kuti, wonyoza sukulu imene inamlera adzanena ciani za koleji ino akadzatuluka? Nkwabwino kuchula phunziro limene mphunzitsi wina anamtsegula nalo maso, ndi kunena cimene cinasintha mwa iye kucokera pamenepo.

MBIRI ILOZE KUTSOGOLO

Gawo lotsiriza la kalata liyenera kumanga mfundo pakati pa kumene mwana wacokera ndi kumene afuna kupita. Mau akuti "ndifuna kutumikira dziko langa" ndi abwino, koma ali yense amawalemba. Wopempha malo a uphunzitsi ku Chipata College of Education anene ngati anathandizapo kuphunzitsa ana aang'ono pa sukulu yomangidwa ndi makolo, ndi cimene anaona kuti cimawabvuta anawo poyamba kuwerenga. Wofuna unamwino pa sukulu ya pa cipatala ca St Francis ku Katete anene ngati anadwazikapo agogo ace miyezi yambiri, kapena anathandizapo pa tsiku la sikelo ya ana. Wofuna za ulimi ku Natural Resources Development College ku Lusaka ali ndi zambiri zonena koposa mwana wa m'tauni: matumba angati anakolola, mbeu yanji inapirira cilala, ndi m'mene anagonjetsera mbozi zoononga cimanga. Wofuna umakanika kapena ukalipentala ku Chipata Trades Training Institute achule njinga, ngolo kapena mipando imene manja ace anakonzapo.

Maudindo a ku sukulu naonso achulidwe pamodzi ndi zaka zace: ukapitao wa kalasi, kalabu ya JETS ya okonda Sayansi, munda wa sukulu, kwaya, mpira, kapena kusunga ndalama za gulu la acinyamata ku chalichi. Wosunga ndalama za gulu anene kuti anazisunga nthawi yotani ndipo anali kuzilemba motani. Nchito imodzi yofotokozedwa bwino iposa maudindo khumi ongochulidwa maina.

DZANJA LA MWINI

Masiku ano pa boma pali tinyumba tolemberamo makalata pa kompyuta, ndipo ena a m'menemo amasunga kalata imodzi imene amangosintha dzina ndi kugulitsa kwa ali yense wobwera. Palinso makina a pa foni amene amalemba nkhani yathunthu m'kanthawi kocepa. Kalata zotere zimatuluka zosalala, za Cingerezi cozama, koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Siziuchula mtsinje umene mwana anali kuoloka, sizidziwa caka cimene anakhala pakhomo, ndipo osankha akawerenga makalata asanu a mau ofanana amawaika onse pambali. Coposa apo, tsiku lokaonekera pamaso pa akuluakulu limafika. Mwana akafunsidwa tanthauzo la liu limene liri m'kalata yace, iye nangoti kakasi, pamenepo malo apita.

Kusintha manambala pa zotsatira kapena kugula satifiketi ndi mlandu pamaso pa lamulo. Makoleji ndi olemba nchito amatsimikiza zotsatira ku bungwe la mayeso, kumene mbiri ya wolemba mayeso ali yense imasungidwa. Mu 2017 bungwe la Teaching Council of Zambia linapeza aphunzitsi mazana angapo ali ndi mapepala onama, ena atagwira kale nchito zaka zambiri. Banja limene lagulitsa ng'ombe kuti ligule pepala lotere lagula tsoka limene lidzadikira mwana wao kutsogolo.

KALEMBEDWE KACE

Kalata imalembedwa m'Cingerezi, koma maganizo ace ayambe m'cilankhulo ca kwao. Mwana ayambe wafotokoza mbiri yace m'Cinyanja kwa amai ace kapena kwa mkulu wace, monga m'mene angaifotokozere kwa mlendo wolemekezeka. Zimene womverayo wafunsa kuti amvetse, ndizo zimenenso wowerenga adzafuna kudziwa. Pambuyo pace alembe m'Cingerezi capafupi, ca mau amene iye mwini awadziwa. Ayambe ndi dzina lace, maphunziro amene apempha, ndi caka cimene anatsiriza Giredi 12, atsate masukulu ace monga mwa zaka, afotokoze mipata, natsirize ndi cifukwa cimene wasankhira maphunzirowo. Ngati eni ace aika malire a mau, malirewo asungidwe. Ngati sanaike, tsamba limodzi likwanira.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Kalata yoyamba isatumizidwe tsiku lomwelo. Igone masiku awiri kapena atatu, kenaka iwerengedwe mokweza, ndipo ipite kwa mphunzitsi wa Cingerezi amene amdziwa mwanayo, pakuti safunsa anadya phula. Nchito ya mphunzitsi ndi kuloza pamene palakwika ndi pamene sipamveka. Kulemba kalata yonse m'malo mwa mwana ndi kumlanda mau ace. Pa kalata paikidwe nambala ya foni imene imagwira nchito masiku onse, pakuti munthu angathe kuitanidwa iye osamva. Masatifiketi enieni asatumizidwe. Atumizidwe mafotokope odindidwa ndi wolumbiritsa. Mwana asunge kope ya kalata yace kuti adzaiwerengenso asanakaonekere, ndipo tsiku lotsiriza kulandira makalata lilembedwe poonekera m'nyumba, cifukwa kalata yocedwa siwerengedwa ngakhale ikome motani.

MBALI YA MAKOLO

Kholo limene silinapite ku sukulu lisaganize kuti liribe gawo pa nchitoyi. Makolo ndiwo akumbukira caka cimene mwana anadwala, caka cimene banja linasamuka mudzi, ndi mbuzi zimene zinagulitsidwa kuti mwana alembe mayeso. Akhale naye pansi, amkumbutse zimenezi, ndipo ampatse nthawi yolemba ngakhale nchito ya kumunda iri yambiri. Acenjerenso ndi anthu oyenda m'midzi amene amalonjeza malo ku koleji posinthana ndi ndalama za m'thumba. Ndalama ya fomu imalipiridwa m'njira imene koleji yalengeza, ndipo wolipira amalandira risiti. Asanalipire kanthu, afunse ngati kolejiyo inalembetsedwa ku mabungwe a Boma oyang'anira maphunziro apamwamba, monga Higher Education Authority kapena TEVETA.

Pamene dziko lino linalandira ufulu mu 1964, eni dziko okhala ndi digiri anali ngati 100 cabe, ndipo University of Zambia inatsegula makomo ace mu 1966. Ambiri a aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi amene anamanga dziko m'zaka zotsatira anayambira m'masukulu a kumidzi, akulemba pansi ndi cala ndi kuyenda mitunda opanda nsapato. Mwana wa lero wocokera ku sukulu yotere sali mlendo pa khomo la koleji. Alembe mbiri yace ndi dzanja lace, zaka zace zigwirizane ndi mapepala, ndipo aitumize nthawi isanathe.

Mlungu wa mawa danga lino lidzafotokoza m'mene wopempha malo ayenera kukonzekera tsiku lokaonekera pamaso pa akuluakulu a koleji.